Fayilo Ikakana Kuwoloka: Kufufuza Chovuta pa Netiweki

M'nkhani yathu ya maphunziro lero tikamba za vuto limene ambiri a inu ogwira ntchito ndi makompyuta mwakumana nalo kale. Ndipo inu amene simunakumane nalo, dziwani kuti lili m'njira. Vutolo ndi ili: mwakonza fayilo yanu bwinobwino, mwadina kuti ipite ku kompyuta ina, koma fayiloyo yakana kuwoloka. Kodi munthu ayambire pati pofufuza chimene chalakwika?

Tiyeni tiyambire ku Chibolya, komboni imene ili pafupi ndi msika waukulu wa Soweto mu Lusaka. Kumeneko, monganso ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama ndi ku George, mudzapeza timasitolo tochita fotokope, kutayipa makalata ndi kutumizira anthu mapepala awo pa intaneti. Tiyerekeze kasitolo kamodzi kotere. M'katimo muli makina a fotokope amene mwini wake anagula atagwira kale ntchito kwina, makompyuta awiri, ndi kabokosi ka nyali zophethira kamene kamalumikiza zonsezi, kotchedwa rauta. Zipangizo zikalumikizidwa chotere kuti zizipatsana uthenga, ndiye kuti zapanga netiweki, ngakhale zonse zili m'chipinda chimodzi.

Tsiku lina masana, magetsi atangobwera kumene, mayi wina afika ndi envelopu ya ziphaso za sukulu za mwana wake wamkazi. Mwanayo afuna malo pa koleji, ndipo tsikulo ndi lomaliza kutumiza makalata. Mnyamata wa m'sitolomo aika chiphaso pa galasi la makina, nadina batani kuti chithunzi chake chipite ku kompyuta, monga achitira masiku onse. Ntchito imeneyi ndiyo timati kusikana. Makina alira, nyali yake idutsa, kenaka palembedwa kuti kutumiza kwalephereka. Ayesa kachiwiri, ayesa kachitatu, koma ndi chimodzimodzi. "Nanga zatani, mwana wanga?" afunsa mayi uja. "Pepani amayi, ndi netiweki," ayankha mnyamatayo.

Mawu akuti "ndi netiweki" tonse tawamva, ndipo tonse tawanenapo. Koma wonena mawuwa ali ngati wodwala amene auza dokotala kuti thupi lonse likupweteka: sananame, koma sanathandize. Ndipo kusadziwa pamene pali chovuta kumadya ndalama. Wina athamangira kugula bandulo ina pamene yoyamba sinathe. Wina aitana wokonza makina, nalipira ulendo wake ndi ntchito yake, pa chinthu chimene akadachikonza yekha m'mphindi ziwiri. Wina ayamba kusinthasintha zonse za m'kompyuta mpaka aononga ndi zimene zinali bwino zomwe. Tsono kwa mayi uja, chimene chili pangozi si ndalama ya fotokope ayi, koma chaka chathunthu cha mwana wake.

Kuti tifufuze bwino, tiyambe tadziwa m'mene fayilo imayendera. Fayilo ndi chilichonse chosungidwa m'kompyuta pa dzina limodzi: kalata, chithunzi, nyimbo kapena filimu. Siyenda yathunthu ayi. Kompyuta yotumiza imaidula m'tizidutswa tambirimbiri, nilemba pa kachidutswa kalikonse kumene kachokera ndi kumene kapita. Yolandira imasonkhanitsa tizidutswato, niyankha kuti tafika, ndipo kamene kasowa panjira kamatumizidwanso. Kompyuta imene ntchito yake ndi kulandira ndi kusunga mafayilo a ena imatchedwa seva. Seva ikhoza kukhala kutsidya la nyanja, ikhozanso kukhala ya pa tebulo lanu lomwelo, monga ya m'kasitolo kaja imene imalandira zithunzi zochokera ku makina a fotokope.

Malamulo otumizirana mafayilo si a dzulo ayi. Ena mwa akale kwambiri amene akugwirabe ntchito ndi otchedwa FTP. Anawalemba koyamba Abhay Bhushan wa ku yunivesite ya MIT ku America m'chaka cha 1971, ndipo mu 1985 Jon Postel ndi Joyce Reynolds anawakonzanso, nakhala maziko a FTP imene tiidziwa lero. Kuno ku Zambia intaneti yathunthu inafika mu 1994, pamene University of Zambia inakhazikitsa kampani ya ZAMNET, ndipo dziko lathu linali m'gulu la maiko oyambirira mu Africa kulumikizidwa. Lero kuli njira zinanso: SFTP, imene imabisa zotumizidwazo, SMB, imene makompyuta a Windows amagawirana nayo mafayilo m'ofesi, ndiponso masamba a pa intaneti amene amakuuzani kuti muikemo chiphaso chanu. Njirazi n'zosiyana, koma malo amene fayilo imakodwa ndi amodzimodzi.

Kuti malowo muwaone bwino, ganizirani mnyamata wa wilibala amene mwamutuma kuchokera ku Soweto kuti akatule thumba la ufa kunyumba ina ku Chibolya. Kuti ufawo ufike pafunika zinthu zisanu. Msewu ukhale wopitika. Iye adziwe nyumba yake yeniyeni. Khomo likhale lotsegula. Eni nyumba amudziwe ndi kumulola kulowa. Ndipo m'nyumbamo mukhale malo oika thumbalo. Chimodzi mwa zisanuzi chikasowa, ufa ubwerera ku msika. Fayilo nayonso ifuna zomwezo: msewu, keyala, khomo, chilolezo ndi malo.

Musanakhudze chilichonse, sungani malangizo atatu awa. Loyamba, werengani zimene makina alemba, ndipo muzikopere pa pepala, mawu ndi manambala omwe; ambiri amatseka uthengawo msanga ngati akuingitsa ntchentche, pamene yankho lili momwemo. Lachiwiri, yambirani pafupi kunka kutali: musanene za kutsidya la nyanja musanayang'ane chingwe chimene chili pansi pa tebulo. Lachitatu, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, muyese, ndipo ngati sichinathandize muchibwezere m'mene chinalili. Dzifunseninso kuti: kodi dzulo zinkayenda? Nanga chasintha n'chiyani pakati pa dzulo ndi lero? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono tiyambe ndi msewu. Onani ngati rauta yayaka. Ndipo ngati magetsi angobwera kumene, ipatseni mphindi ziwiri kapena zitatu kuti idzuke bwino. Kenaka tsatani chingwe ndi dzanja kuchokera ku kompyuta kufika ku rauta. Pamene chingwe chalowa pamakhala kanyali kakang'ono; kakayaka kapena kuphethira, ndiye kuti mbali ziwirizo zamvana, koma kakazima, chovuta chili pomwepo. Kawirikawiri mupeza kuti kambedza ka pulasitiki ka kumutu kwa chingwecho kanathyoka, kotero chimasololoka chokha wina akamasesa. Makoswe amadya zingwe. Fumbi la m'chilimwe limadzaza m'mabowo. Ndipo m'dzinja, m'makomboni mmene madzi amasefukira monga ku Kanyama ndi madera ozungulira, chinyezi chimabweretsa dzimbiri. Njira yachidule yotsimikizira ndiyo kubwereka chingwe cha kompyuta imene ikuyenda bwino n'kuyesa nacho. Kumbukiraninso kuti chingwe chotere sichiyenera kutalika kupitirira mamita 100.

Ngati mulumikiza popanda chingwe, pa WiFi, dziwani kuti malata ndi makoma a mabuloko amafooketsa mphamvu yake. Rauta yoikidwa pansi, kapena kuseri kwa makina a fotokope, kapena m'bokosi lachitsulo poopa akuba, siingafike patali. Onaninso dzina la WiFi imene kompyuta yalowamo. Nthawi zambiri magetsi akazima munthu amalumikiza laputopu ku foni yake, ndipo magetsi akabwera aiwala kuibweza ku rauta. Intaneti iyenda ndithu, koma laputopuyo ndi makina a fotokope tsopano zili m'midzi iwiri yosiyana, ndipo sizingaonane.

Msewu ukakhala bwino, tipite pa chachiwiri, ndicho keyala. Chipangizo chilichonse pa netiweki chili ndi nambala yake, yotchedwa IP, ya zigawo zinayi, monga 192.168.1.5. M'sitolo kapena m'nyumba, rauta ndiyo imagawa manambalawa, ndipo imachita kubwereketsa, sipatsiratu ayi. Apa ndi pamene kuzima kwa magetsi kumabweretsera vuto. Tonse tikumbukira chaka cha 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Marauta ambiri otsika mtengo akazima amaiwala kuti nambala yakuti anabwereketsa yani, ndipo akayakanso amayamba kugawa mwatsopano kwa amene wafika poyamba. Motero kompyuta imene dzulo inali 192.168.1.5 lero ikhoza kukhala 192.168.1.8, pamene makina a fotokope akutumizabe ku nambala yakale. Kuti muone nambala ya kompyuta ya Windows, tsegulani Command Prompt, mulembe mawu akuti ipconfig. Yerekezani nambala imene yatuluka ndi imene inalembedwa m'makina otumiza. Ndipo mukaona nambala yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti kompyutayo sinamvane ndi rauta n'komwe, yangodzipatsa yokha nambala; bwererani ku chingwe.

Pofufuza keyala pali kachida kena kakang'ono kotchedwa ping, kamene Mike Muuss anakapanga mu 1983. Ntchito yake ili ngati kuima pabwalo n'kunena kuti "Odi!" kenaka n'kudikira kuti m'nyumba ayankhe. Pa Command Prompt pomwepo lembani ping ndi nambala ya rauta yanu. Ikayankha, msewu wa m'sitolo mwanu uli bwino. Kenaka chitani chimodzimodzi ndi nambala ya makina amene mufuna kufikako. Ngati seva ili kutali ndipo muidziwa ndi dzina, yesani dzinalo. Kompyuta ikanena kuti dzinalo silikupezeka, onani kalembedwe kake chilembo ndi chilembo, pakuti kadontho kamodzi kosowa n'kokwanira kusokeretsa. Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi: makompyuta ena anawakonza kuti asamayankhe ping. Choncho akayankha ndi umboni woti alipo, koma akakhala chete sindiye kuti kulibe.

Chachitatu ndi khomo. Kompyuta imodzi imagwira ntchito zambiri, ndipo ntchito iliyonse ili ndi khomo lake la nambala, limene akatswiri amati port. FTP imagogoda pa khomo 21, SFTP pa khomo 22, SMB pa khomo 445. Mukasankha SFTP koma n'kulemba khomo 21, muli ngati munthu wofuna mankhwala amene wagogoda ku chigayo. Apa mawu a makina amathandiza kwambiri. Akalemba kuti "Connection refused," ndiye kuti nyumba mwaipeza, koma pa khomo limenelo palibe wolandira alendo: mwina pulogalamu yolandira mafayilo sinatsegulidwe, mwina nambala ya khomo ndi yolakwika. Akalemba kuti "Connection timed out," ndiye kuti mwaodira mpaka kutopa popanda woyankha: mwina keyala ndi yolakwika, mwina makinawo ndi ozima, mwinanso pali mlonda amene akutaya uthenga wanu mwakachetechete. Mlonda ameneyu ndi pulogalamu yoteteza kompyuta yotchedwa firewall. Windows ikaona netiweki yachilendo, monga pamene mwasintha rauta, kawirikawiri imaitenga ngati ya pagulu, imene imaitcha Public, nitseka makomo ogawirana mafayilo. Mukaiuza kuti ndi ya kwanu, ndiye kuti Private, mpamene makomowo angatseguke. Musazime firewall n'kuisiya yozima chifukwa cha fayilo imodzi. Tsegulani khomo lokhalo limene lifunika.

Pa nkhani ya makomoyi FTP ili ndi khalidwe lake limene lasokoneza anthu ambiri. Iyo imayenda ndi misewu iwiri: wina wokambirana, wina wonyamulira katundu. M'kachitidwe kakale, kotchedwa active, inu mumagogoda ku seva pa khomo 21 n'kuiuza kuti, "Ndili pa nambala yakuti, mundipeze kumeneko." Ndiye seva ndi imene imayenda kubwera kwa inu kudzatsegula msewu wa katundu. Zimenezi zinali bwino masiku amene kompyuta iliyonse inali ndi keyala yakeyake yodziwika pa dziko lonse. Lero makompyuta athu amabisala kuseri kwa rauta, ndipo amene timagula intaneti ku makampani a mafoni timagawana keyala imodzi anthu ambirimbiri. Seva ikabwera, siidziwa pogogoda. Chizindikiro chake n'chosavuta: dzina ndi mawu achinsinsi zalandiridwa bwino, koma mndandanda wa mafayilo sukutuluka, kapena patuluka nambala 425. Mankhwala ake ndi kusankha kachitidwe kena, kotchedwa passive, mmene seva imatsegula khomo lachiwiri n'kukuuzani nambala yake, ndipo inu ndinu amene mumapitako maulendo onse awiri. M'mapulogalamu monga FileZilla ndi WinSCP muli malo osankhira zimenezi. Ngati passive nayonso yakana, mwini seva ndiye ayenera kuona makomo ake. SFTP ilibe vuto limeneli, chifukwa zonse zimadzera pa khomo limodzi.

Chachinayi ndi chilolezo. Manambala amene seva ya FTP imayankha ali ndi tanthauzo lake. Oyamba ndi 2 anena kuti zatheka. Oyamba ndi 4 anena kuti zalephereka kwa kanthawi, mukhoza kuyesanso. Oyamba ndi 5 anena kuti zakanidwa, ndipo kubwereza osasintha kanthu n'kutaya nthawi. Nambala 530 ndiyo yoti dzina kapena mawu achinsinsi sizinavomerezedwe. Onani ngati batani la Caps Lock silinadinike, pakuti kwa makina chilembo chachikulu ndi chaching'ono ndi zinthu ziwiri. Ngati wina anasintha mawu achinsinsi a kompyuta, kumbukirani kuti makina a fotokope akusungabe akale. Ndipo musangoyesayesa mwaliuma: maseva ambiri amatsekereza munthu amene walakwitsa kangapo, poganiza kuti ndi mbala. Onaninso tsiku ndi nthawi pa kompyuta yanu. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira konga khobidi, kamene kamasunga nthawi makina akazima. Kakatha mphamvu, monga zichitikira ndi makompyuta akale, kompyutayo imadzuka ili m'chaka china cha m'mbuyo, ndipo pa njira zotetezedwa imakana chiphaso chimene seva yaionetsa, poganiza kuti nthawi yake sinakwane.

Nthawi zina awiriwo amalephera kulolana chifukwa wina alankhula chilankhulo chakale. Makina ambiri akale a fotokope amadziwa SMB ya mtundu woyamba yokha. Mu Meyi 2017 pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inadzera pa chofooka cha SMB yoyambayo, nitseka mafayilo m'makompyuta a m'maiko ambiri. Ndipo kuyambira chaka chomwecho kampani ya Microsoft inayamba kuichotsa m'ma Windows atsopano. Choncho mukagula kompyuta yatsopano, makina akale n'kuleka kutumiza, musadabwe. Ena amaibwezeretsa SMB yakaleyo, koma kutero n'kuzula chitseko chifukwa cha mlendo mmodzi. Chanzeru n'kufunsa ngati makinawo angaikidwe pulogalamu yake yatsopano, kapena kusikanira pa fulashi.

Chachisanu ndi malo. Nambala 550 inena kuti foda imene mwatchula kulibe, kapena simunaloledwe kuikamo kanthu. 552 inena kuti malo amene munapatsidwa adzaza. 553 inena kuti dzina la fayilo silololedwa. Patsani mafayilo anu maina aafupi, a zilembo ndi manambala okha. Kukula kwa fayilo nakonso kuli ndi malire. Fulashi yokonzedwa m'njira ya FAT32 siilandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB, ngakhale malo alipo ambiri. Gmail siinyamula zophatikiza zopitirira 25 MB pa kalata imodzi. Masamba ambiri ofunsirapo ntchito kapena malo a sukulu amalemba malire awo ndi mtundu wa fayilo umene afuna, kaya PDF kaya JPEG. Werengani zimenezo musanasikane. Chiphaso chosikanidwa pa 200 dpi chimawerengeka bwino; pa 600 dpi timadontho take timachuluka kuwirikiza ka 9, ndipo fayilo imalemera popanda phindu.

Nanga fayilo ikanyamuka bwino koma n'kufera panjira? Pa FTP zimenezi zimabwera ndi nambala 426. Yambani mwaona ngati bandulo yatha, ndiponso ngati ndi bandulo ya intaneti yonse, pakuti ina ndi ya WhatsApp ndi Facebook basi. Dziwaninso kuti kutumiza kawirikawiri kumachedwa kuposa kulandira. Liwiro la netiweki amaliyeza m'ma bit, pamene kukula kwa fayilo amakuyeza m'ma byte, ndipo byte imodzi ndi ma bit 8. Motero fayilo ya 100 MB pa liwiro lotumizira la 1 Mbps ifuna masekondi 800, ndiko kuti mphindi zopitirira 13. Woimba wa ku Matero amene atumiza vidiyo ya 1 GB pa liwiro lomwelo adikira maola opitirira 2. M'nthawi imeneyo laputopu ikhoza kugona, magetsi akhoza kuzima. Choncho ikonzeni laputopu kuti isagone, lumikizani rauta ku batire ngati muli nalo, ndipo gwiritsani ntchito pulogalamu imene imatha kupitiriza pamene inalekera m'malo moyambiranso. Mukamaliza, yerekezani kukula kwa fayilo kuno ndi uko. Zikasiyana, fayiloyo sinafike yonse. Ndipo ngati chithunzi chafika koma chikukana kutseguka, onani ngati FTP sinachitumize m'njira ya ASCII, imene ndi ya malemba okha. Zithunzi, nyimbo ndi PDF zifuna njira ya binary.

Mukafunsa mafunso onsewa n'kupeza kuti kwanu kuli bwino, pamenepo mpamene munganene kuti chovuta chili kunja. Zambia ilibe gombe la nyanja yamchere, kotero intaneti yathu yambiri imadutsa m'maiko oyandikana nafe kukafika ku zingwe za pansi pa nyanja. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri zotere, EASSy ndi Seacom, zinaduka kufupi ndi gombe la kum'mwera chakum'mawa kwa Africa, ndipo intaneti inafooka ku Tanzania, Malawi, Mozambique ndi maiko ena kwa masiku angapo. Vuto lotere simungalithetse mwa kusintha chingwe cha pansi pa tebulo. Seva nayonso imalemedwa, makamaka pa tsiku lomaliza pamene aliyense atumiza nthawi imodzi; pa FTP nambala 421 kawirikawiri inena zimenezo. Yesani ndi SIM ya kampani ina: zikayenda, chovuta chili ku kampani yanu, zikakananso, n'kutheka kuti chili ku seva. Poimba foni kukadandaula, nenani nthawi imene zayambira, mawu amene makina alemba, ndi zimene mwayesa kale; mukatero mudzathandizidwa msanga kuposa wongonena kuti "zakana." Kampani ikalephera kukuthandizani, bungwe la ZICTA limalandira madandaulo a anthu pa nkhani zotere.

Mawu ena apite kwa inu eni timasitolo. FTP yakale imatumiza dzina lanu ndi mawu achinsinsi poyera, ngati kalata yopanda envelopu imene aliyense panjira angawerenge. Chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mu 2021 mapulogalamu a Chrome ndi Firefox analekera kutsegula FTP. Potumiza kunja kwa sitolo yanu, sankhani SFTP kapena njira ina yobisa. Ndipo ziphaso ndi ma NRC a anthu amene mwasikana si anu ayi. Muzifafaniza ntchito ikatha. Lamulo la dziko lino loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2021, limaika udindo pa wosunga zinthu zotere.

Tibwerere tsopano ku Chibolya, kumene tinasiya mayi uja ataima ndi envelopu m'manja. Mnyamata uja akhazika mtima pansi. Ayang'ana nyali za rauta ndi za chingwe: zonse zayaka. Adzifunsa chimene chasintha kuyambira m'mawa, nakumbukira kuti magetsi anazima. Alemba ipconfig, ndipo aona kuti kompyuta tsopano ili pa 192.168.1.8, pamene m'makina a fotokope munalembedwa 192.168.1.5, nambala yakaleyo inatengedwa ndi foni yake yomwe, imene inalowa pa WiFi kompyuta isanayake. Akonza nambalayo, asikananso, ndipo chiphaso chitulukira pa kompyuta. "Zatheka amayi, khalani pansi pang'ono titumize." Madzulo ake alowa m'makonzedwe a rauta, naiuza kuti nambala imodzi izisungidwira kompyuta imeneyo masiku onse, kuti magetsi akadzazimanso vutolo lisabwerere. Kenaka alemba m'kope lake tsiku, chovuta ndi mankhwala ake.

Kope lotere ndikupemphani nonse mukhale nalo. Lembanimo nambala ya rauta, ya kompyuta iliyonse ndi ya makina a fotokope, ndiponso vuto lililonse limene mwakumana nalo ndi m'mene munalithetsera. Koma mawu achinsinsi musalembe m'kope losiyidwa pa tebulo. Ndipo inu makolo ndi inu ana asukulu, musadikire tsiku lomaliza potumiza makalata ofunika, pakuti chovuta cha mphindi ziwiri chimasanduka tsoka pamene nthawi yatha. Fayilo ikadzakana kuwoloka, mudzafunse mafunso asanu aja mwa dongosolo lake: msewu, keyala, khomo, chilolezo, malo.